Kupeta nkhani zakale: mmene mungasiyanitsire mbiri ndi nthano

Ku Nsanje, m'nkhalango ya Khulubvi, muli kachisi wa Mbona, kumene Amang'anja akhala akupempha mvula kwa zaka mazana angapo. Mukafunsa anthu atatu a m'chigwa cha Shire kuti Mbona anali yani ndipo anafa motani, mudzamva nkhani zitatu zofanana pa thunthu koma zosiyana pa nthambi, ndipo aliyense wa atatuwo adzakuuzani molimba mtima kuti yake ndiyo imene anasiya makolo. Nkhani ya Mbona ndi yabwino kuphunzirirapo ntchito yopeta mbiri, chifukwa njira zimene zimathandiza pa iyo zingathandizenso amene akufufuza chiyambi cha mudzi wake, ufumu wa kwawo kapena ulendo wa mtundu wake.

Ntchito imayamba ndi kusonkhanitsa, osati kuweruza. Pitani kwa anthu ambiri momwe mungathere, mutadzera kwa mfumu monga mwa mwambo, ndipo jambulani mawu awo pa foni akakulolani, kuti pambuyo pake mulembe ndendende zimene ananena. Musamudule mawu wofotokoza, ndipo musamuuze zimene wina anakuuzani dzulo, chifukwa munthu waulemu amakonda kuvomereza mlendo. Pa nkhani iliyonse lembani tsiku, malo, mtundu wa wofotokozayo, ubale wake ndi banja lachifumu kapena ndi osunga kachisi, ndiponso kumene iye anaimva. Wansembe wa Chikatolika wochokera ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, amene anagwira ntchito m'chigwa cha Shire, anasonkhanitsa nkhani za Mbona zosiyanasiyana n'kuziika pamodzi, ndipo kafukufuku wake wamkulu anasindikizidwa mu 1992. Chimene chinapatsa mphamvu ntchito yake n'chakuti sanasankhe nkhani imodzi n'kuitcha yoona, koma anafunsa chifukwa chimene gulu lililonse la anthu linkaifotokozera mwa njira yakeyake.

Mukakhala ndi nkhani zingapo, ziyaleni pamodzi kuti muone thunthu lake. Pa Mbona, ambiri amagwirizana kuti anali woitanitsa mvula, kuti anadana ndi anthu amphamvu chifukwa cha luso lakelo, kuti anathawira kum'mwera adani akumulondola, kuti anamupha pomudula mutu, magazi ake nayenderera ngati mtsinje, ndipo kuti mutuwo unaikidwa ku Khulubvi. Pamene amasiyana ndi pa funso lakuti mlandu wa imfayo uli pa yani: ena amaloza Mlauli, mtsibweni wake amene anamuchitira nsanje, pamene ena amaloza mfumu yaikulu Lundu. Apa ndipo pofunika kudekha. Funsani kuti ndani amapindula nkhani ikafotokozedwa mwa njira iyi, ndipo ndani amachita nayo manyazi. Banja lachifumu silifulumira kunena kuti kholo lake linapha munthu wosalakwa, ndipo anthu wamba amene anamva kuwawa kwa ulamuliro sachedwa kuika mlandu pa mfumu. Kusiyana koteroko si chizindikiro chakuti wina akunama mwadala. Ndi umboni wa mikangano imene inalipodi, ndipo nthawi zina umboni umenewu umaposa nkhani yeniyeniyo pa kufunika kwake.

Komabe kugwirizana kwa anthu ambiri sikutsimikiza kanthu ngati onsewo anatunga pa chitsime chimodzi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1940, pamene Samuel Josia Ntara anasindikiza Mbiri ya Achewa, zolembedwa zakhala zikubwerera m'midzi kudzera m'sukulu, ndipo pambuyo pake kudzera pa wailesi. Agogo amene akukusimbirani za ulendo wa Amaravi angakhale akubwereza zimene aphunzitsi awo anawawerengera ali ana, iwo eni osazindikira. N'chifukwa chake funso lakuti "Kodi nkhaniyi munaimva kwa yani?" siliyenera kudumphidwa, ngakhale limaoneka ngati lopanda pake.

Kenaka yesani kupeza nthawi imene chidutswa chilichonse chinalowera m'nkhani. Ofotokoza ena amati Mbona anabadwa kwa namwali wosadziwa mwamuna, ndipo alipo amene amamufanizira ndi Yesu poyera. Wofufuza ayenera kuganizira kuti mbali imeneyi inakula pamene anthu anayamba kumva uthenga wa Chikhristu, popeza nthano imabwereka zovala za m'nthawi ya woifotokoza. Koma musathamangire kunena kuti zonsezi zinayamba ndi amishoni amene anafika ku Magomero mu 1861, chifukwa ansembe a Chipwitikizi anali kale m'chigwa cha Zambezi zaka mazana atatu m'mbuyo mwake: Gonçalo da Silveira anaphedwa ku likulu la Mwenemutapa mu 1561. Zinthu zotchulidwa m'nkhani zimathandizanso. Chimanga, chinangwa ndi fodya zinachokera ku America ndipo zinafika kuno pambuyo pa chaka cha 1500, kotero nkhani ya chiyambi cha dziko imene ikutchula munda wa chimanga yasonyeza yokha kuti inakonzedwanso m'njira.

Zozizwitsa n'zosavuta kuzizindikira, ndipo sizifuna nthawi yaitali. Zida za adani zimene zinalephera kumulasa Mbona mpaka iye mwini ataulula chomuphera, kapena zizindikiro zimene anasiya pa miyala pothawa, ndi zokometsera zimene zimapezeka m'nthano za mitundu yambiri, monganso mapazi a anthu oyamba amene Achewa amati anadindika pa thanthwe la Kaphirintiwa. Musazilembe ngati zochitika, koma musazitayenso, chifukwa mwala uliwonse wotchulidwa ukukuuzani malo amene anthu a kachisiyo ankawaona kuti ndi awo.

Msampha umene umakola ofufuza ambiri ndi wa maina. Kwathu kuno wolowa ufumu amalowanso dzina, ndipo polankhula za makolo ake akhoza kunena kuti "ine ndinachokera kwakuti" ngakhale ulendowo unachitika iye asanabadwe ndi zaka mazana awiri. Kalonga, Undi ndi Lundu si maina a munthu mmodzimmodzi, koma a mipando imene panakhala anthu ambiri motsatizana. Zotsatira zake n'zakuti ntchito za mafumu asanu zimaunjikidwa pa mfumu imodzi yotchuka, mafumu amene analamulira nthawi yochepa kapena amene anachotsedwa mochititsa manyazi amaiwalika, ndipo zaka mazana atatu zimafupika n'kukhala ngati moyo wa munthu mmodzi. Choncho mukamva kuti "Lundu anapha Mbona", funso loyamba likhale lakuti ndi Lundu uti. Pemphani mndandanda wa mafumu kwa mabanja osiyana, kuphatikizapo amene analuza pa mkangano wa ufumu, ndipo muone maina amene akupezeka kwina koma kwina akusowa. Ine ndimakhulupirira kwambiri mndandanda wokhala ndi mipata ndi zokayikitsa kusiyana ndi wosalala bwino, chifukwa wosalalawo kawirikawiri amakhala atausula pokonzekera mlandu wa ufumu.

Pomaliza pa kufufuzako, funani chikhomo cha kunja kwa nkhani chimene mungamangirirepo chingwe. Chitsanzo chodziwika ndi cha Angoni a Zwangendaba, amene ankasimba kuti tsiku limene anawoloka Zambezi dzuwa linada masana. Akatswiri a zakuthambo amatha kuwerengera masiku a kadamsana a m'mbuyo, ndipo kadamsana amene anaoneka m'derali anachitika mu Novembala 1835, kotero mbali imene inkamveka ngati yokometsera ndiyo inapereka chaka chenicheni. Nthaka nayonso imachitira umboni. Yusuf Juwayeyi atafukula pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, pamene mbiri yapakamwa imati panali likulu la Kalonga, anapeza mikanda ya galasi, zinthu zamkuwa ndi zidutswa za mbale zochokera ku China, zimene zikusonyeza kuti pamalopo panalidi mudzi waukulu wochita malonda ndi maiko akutali. Pa nkhani za m'nthawi ya atsamunda, zikalata za ku National Archives ku Zomba ndizo poyambira.

Zolembedwa nazo zimafuna lichero lomwelo. João dos Santos, wansembe wa Chipwitikizi amene buku lake linatuluka mu 1609, analemba za ankhondo otchedwa Azimba amene anagonjetsa Apwitikizi a ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1590, ndipo anawafotokoza ngati anthu odya anzawo. Iye anali wa mbali imene inagonja, ndipo zambiri anachita kumva kwa ena, kotero mawu ake sayenera kumezedwa osatafuna chifukwa chakuti ali pa pepala. Schoffeleers anagwirizanitsa Azimbawo ndi ankhondo a Lundu, naganiza kuti nkhani ya imfa ya Mbona ikukumbukira nthawi ya cha m'ma 1600 pamene Lundu ankakulitsa ulamuliro wake ndi kulanda mphamvu za akachisi. Katswiri wina, Christopher Wrigley, anatsutsa zimenezi mu 1988, nanena kuti Mbona ndi mzimu wakale wa madzi ndi mvula umene nthano inauveka thupi la munthu. Onse awiri anawerenga nkhani zofanana, ndipo anasiyana pa kulemera kumene anapatsa chidutswa chilichonse.

Polemba zimene mwapeza, gawani mawu anu molingana ndi mphamvu ya umboni. Zimene zili ndi chikhomo cha kunja, monga kupezeka kwa kachisi ku Khulubvi kapena nkhondo za m'ma 1590, zilembeni mosazengereza. Zimene mwazipeza poyerekeza nkhani, monga kugwirizana kwa imfa ya Mbona ndi ulamuliro wa Lundu, zilembeni ngati maganizo, ndipo mutchule mwini maganizowo. Zimene anthu amakhulupirira zilembeni m'dzina la okhulupirirawo, mwaulemu, popeza kwa osunga kachisi Mbona si funso la pa mayeso. Sungani mawu amene munajambula pamodzi ndi masiku ake, ndipo mupereke kope kwa mabanja amene anakuthandizani. Pa kope limenelo lembani momveka kuti ndi ziti zimene ananena agogo ndipo ndi ziti zimene munaganiza inu, chifukwa mdzukulu amene adzaliwerenge adzasimbira wofufuza wina zonsezo ngati mawu a makolo.