Mauthenga obwerezabwereza mu Apache Storm: momwe ndinakonzera

Apache Storm ndi pulogalamu yokonza mauthenga pomwe akufika, ndipo ntchito yomwe mumaipatsa imatchedwa topology. Topology yanga yowerenga kuchokera ku Kafka (pulogalamu yosunga mauthenga pamzere) inkalemba uthenga umodzi kawiri kapena katatu mu database, ndipo nambala ya failed (mauthenga okanika) pa spout (gawo lolowetsa mauthenga mu topology) inkangokwera mu Storm UI (tsamba loonetsa momwe topology ikuyendera).

Vuto loyamba linali mu bolt (gawo lokonza mauthenga) yolembedwa ndi BaseRichBolt. Uthenga wolakwika ukafika, pulogalamu inkatuluka ndi return osaitana collector.ack(tuple), ack yomwe imauza Storm kuti uthengawo wakonzedwa. Storm imadikira masekondi 30, malinga ndi topology.message.timeout.secs, kenako spout imatumizanso uthengawo. Umafika pomwe paja, n'kukanikanso, mpaka kalekale. Ndinaika ack panjira iliyonse yotulukira. Bolt yosavuta ndibwino kungoilemba ndi BaseBasicBolt, imachita ack yokha.

Kubwereza kunachepa koma sikunathe. topology.max.spout.pending (malire a mauthenga otumizidwa omwe sanalandire ack) inali yosaikidwa, ndiye spout inkathira mauthenga mopanda malire. Ambiri nthawi yawo inkatha ali pamzere, bolt isanawakhudze n'komwe. Ndinaika 500. Dziwani kuti malirewa ndi a task (kope limodzi la spout kapena bolt) iliyonse ya spout, osati topology yonse.

Bolt yolemba mu database inali ndi capacity (muyeso wa kutanganidwa kwake) pafupifupi 1.0, kusonyeza kuti yapanikizika. Ndinalamula storm rebalance ndi -e writer=8 kuti bolt imeneyi, yotchedwa writer, ikhale ndi ma executor 8 (ma thread oyendetsa ma task), koma palibe chinasintha: ma task anali 4 basi, ndipo chiwerengero chawo chimakhazikika potumiza topology. Ma executor sangapose ma task. Ndinatumizanso topology ndi setNumTasks(16), tsopano rebalance ikugwira popanda kutumizanso.

Ack imangotsimikiza kuti uthenga wafika kamodzi kapena kuposa, choncho mu database ndimalemba ndi upsert (kusintha zomwe zilipo kale m'malo molemba kachiwiri) pa kiyi ya uthenga.