Ng'ombe ikaswa, musaiwale chifu chake

Ng'ombe yamkaka ikaswa, tonse m'khola timathamangira kuona thole ndi kuchuluka kwa mkaka. Za chifu cha make sitilabadira, chonsecho mavuto ambiri a masiku amenewa amayambira komweko.

Imani kumanzere kwa ng'ombe, mukanikize chibakera pa kadzenje kali pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno. Mumva chifu chachikulu (choyamba mwa zifu zinayi za ng'ombe) chikutukuka n'kukankha dzanja lanu, kenaka n'kubwerera. Ng'ombe yathanzi imatero kawiri kapena katatu pa mphindi ziwiri. Yambani kuchita izi kukatsala milungu itatu kuti iswe, ndi cholinga choti mudziwe kayendedwe ka chifu cha ng'ombe yanuyo isanadwale.

Nanga chifu chimafookeranji? Thole likakula m'mimba limapanikiza chifu, ndiye ng'ombe imadya pang'ono. Ikaswa, mkaka woyamba wachikasu uja umakoka kashiamu wambiri m'magazi, pomwe minofu ya chifu ndi matumbo siyenda popanda kashiamu. Kwathu kuno ku Chigwa cha Shire tionjezerepo dzuwa: mu Okutobala ndi Novembala ku Nchalo, Ngabu mpaka Bangula kutentha kumapitirira madigiri 40, ng'ombe imangopuma wefuwefu osafuna udzu. Chifu chachikulu chikapwepwa, chifu chachinayi chimadzaza mpweya n'kusuntha pamalo pake, makamaka m'mwezi woyamba.

Cholakwa chomwe ndimachiona kwambiri n'chothira madeya beseni lonse tsiku loswa, ati ng'ombe ibweze mphamvu. Madeya ochuluka mwadzidzidzi amasasitsa chifu, chimaima. Onjezerani pang'onopang'ono, ndipo nsenjere kapena udzu wouma zisasowe modyera, poti udzu wautali ndiwo umachititsa ng'ombe kubzikula. Idyetseni m'mamawa ndi madzulo kukazizira, pamthunzi. Madzi aukhondo ipatseni ikangoswa, imwe mpaka ikane yokha.

Mukaona kuti yasiya kubzikula, ndowe zachepa kapena zauma, makutu azizira, ikudzandira kapena yagona osadzuka, itanani mlangizi wa ziweto nthawi yomweyo. Nthawi zambiri pamafunika jekeseni wa kashiamu, ndipo wobaya akhale wodziwa, chifukwa kashiamu wolowa mwachangu mumtsempha amaimitsa mtima. Podikira, ikhazikeni chogonera pachifuwa, muitchinjirize ndi matumba a mchenga kuti isagone chammbali n'kutupa mimba. Musaimwetse kanthu ndi botolo, chifukwa ng'ombe yotere simeza bwino, madziwo amakathera m'mapapo.