Kutumiza Mwana Kumudzi Popanda Chilolezo cha Kholo Linalo Kungakutengereni Kundende

Banja likatha kwathu, nkhani ya ana imakambidwa ndi ankhoswe, ndipo kumene kuli chikamwini ana amawerengedwa kuti ndi a mbumba ya mayi, pomwe kumene kunaperekedwa malowolo amati ndi a bambo. Mmalawi amene akukhala ku Britain, ku America kapena ku South Africa ayenera kudziwa kuti mfundo ziwirizi zilibe mphamvu m'khoti la kumeneko. Khoti limayang'ana dziko limene mwanayo wakhazikika, limayang'ana amene malamulo anawapatsa udindo wa ukholo, ndiponso chigamulo chimene chilipo kale, ndipo kholo limene labisa mwana, kumukaniza kuonana ndi kholo linalo, kapena kumukweza ndege mwakachetechete likhoza kumangidwa ngakhale mwanayo ndi wake womubereka.

Ku England ndi ku Wales, lamulo la Child Abduction Act la 1984 limati kutulutsa m'dziko mwana wosakwana zaka 16 popanda chilolezo cha onse amene ali ndi udindo pa iye ndi mlandu, ndipo chilango chake chimafika zaka 7. Lamuloli limanena za kutenga komanso kutumiza, choncho mayi amene wapatsa mchemwali wake mwana kuti akamusiye kwa agogo ku Malawi, iye n'kutsala pantchito, ali pamlandu womwewo. Kholo limene khoti linagamula kuti lizikhala ndi mwanayo ndi limene lingatuluke naye kwa nthawi yosakwana mwezi umodzi osapempha, pokhapokha ngati chigamulocho chikuletsa. Mlendo amene wagamulidwa kukhala kundende miyezi 12 kapena kuposerapo amayembekezeranso kuthamangitsidwa m'dzikomo. Ku America, lamulo la 1993 limapereka chilango chofika zaka 3 pa mlandu wotulutsa mwana m'dziko mosaloledwa.

Ku South Africa vuto limayamba mwana asanafike n'komwe pachipata chotulukira m'dziko. Gawo 35 la Children's Act ya 2005 limati amene akukaniza mnzake kuona mwana mosemphana ndi chigamulo cha khoti angalipitsidwe chindapusa kapena kukhala kundende mpaka chaka chimodzi, ndipo limafunanso kuti kholo limene likusunga mwana lidziwitse linalo polemba likasamuka nyumba. Ambiri amaganiza kuti bambo akasiya kupereka chithandizo ataya ufulu woona mwana, koma khoti limazitenga ngati nkhani ziwiri zosiyana: ya ndalama mumakasuma payokha, mwanayo n'kumapitabe kwa bambo ake pa masiku amene anaikidwa.

Pali chinanso chimene chimatikhudza ife mwapadera. Dziko la Malawi silili nawo m'pangano la ku Hague la 1980 limene limathandiza kubweza msanga ana amene atengedwa mosaloledwa. Ena amaona ngati umenewu ndi mwayi, koma kunena zoona ndi chifukwa chake woweruza amakayikira akamva kuti ulendo ndi wa ku Malawi, ndipo mlandu umene mwausiya kumbuyo sufufutika; umakudikirani pabwalo la ndege tsiku limene mudzabwerere.

Mukafuna kupita ndi mwana kutchuthi kapena kumaliro, tengani kalata yosainidwa ndi kholo linalo yotchula tsiku lonyamuka, tsiku lobwerera, kumene mwana azikagona ndi nambala ya foni ya wosainayo, ndipo muiyike pamodzi ndi pasipoti, chiphaso cha kubadwa cha mwana ndi chigamulo cha khoti ngati chilipo. Mawu apakamwa akuti "pitani nayeni" amakanidwa mosavuta anthu akayambana. Tsiku lobwerera lisungeni ngakhale abale atakuumirizani kuti mudikire sadaka. Mnzanu akakana kusaina, kapempheni chilolezo kukhoti. Ku South Africa ofesi ya Family Advocate imathandiza makolo kugwirizana popanda kulipira.

Ngati mukuthawa nkhanza, yambani mwapita kupolisi ndi kwa loya kuti mupeze chikalata cha khoti chokutetezani inu ndi mwana musanasamuke. Ngati ndinu amene mukuopa kuti mwana atengedwa, pemphani khoti lilamule kuti asatuluke m'dziko ndipo pasipoti yake isungidwe. Ku Britain apolisi angathenso kuchenjeza mabwalo a ndege ndi madoko mwamsanga ngati ulendowo wayandikira.