Mukamagula foni pa Dedza boma, yambani mwaona amene anaipanga

Pafupifupi foni iliyonse yatachi imene mungaipeze m'mashopu a pa Dedza boma kapena pa msika wa Lizulu imayendera Android, pulogalamu yoyendetsa foni ya kampani ya Google. Tecno, itel ndi Infinix ndi za kampani imodzi ya ku China, Transsion, ndipo Samsung nayonso ndi ya Android. Kusiyana kwenikweni kuli pa wopanga, chifukwa ndiye amasankha batire, memore komanso zaka zimene foniyo izilandira zokonza za chitetezo.

Musanatulutse ndalama, lowani mu Settings, kenako About phone. Onani nambala ya Android ndi RAM, memore imene foni imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu. Foni ya RAM ya 2GB nthawi zambiri imakhala ndi Android Go, Android yopepukitsidwa dala. WhatsApp imayenda, koma mukatsegulanso Facebook ndi kamera imayamba kukakamira. Ngati thumba likulola, tengani ya 4GB ndi malo osungira 64GB. Batire ikhale ya 5000mAh, poti magetsi akathima mumadziwa nokha mmene zimakhalira.

Kenako pitani kwa wokonza mafoni, osati wogulitsa, mumufunse ngati sikirini ndi potchajira pa mtundu umenewo zimapezeka msanga. Za Tecno ndi itel sizisowa. Za mitundu yachilendo mpaka aitanitse ku Lilongwe, foni ili gone m'kabati.

Pali pamene pulogalamu yoyendetsa foni imaposa dzina. Huawei zambiri zotuluka kuyambira kumapeto kwa 2019 zilibe Play Store, potengera mapulogalamu pa Google, ndiye mapulogalamu ena a banki amavuta kuika. Pa iPhone yogwiritsidwapo kale, mwini wake achotse akaunti yake ya iCloud inu mukuona, apo ayi mwagula njerwa. Ya Android nayonso achotse akaunti ya Google asanaifufute, chifukwa akapanda kutero, ikayaka imafuna pasiwedi ya mwini wakale. Imbani *#06# muyerekeze IMEI, nambala yozindikiritsa foniyo, ndi ya pabokosi.

Airtel Money pa *211# ndi Mpamba pa *444# zimayenda ngakhale pa kafoni ka mabatani, choncho musagule foni yodula chifukwa cha izo zokha.

Amene mumayenda mu M1 cha ku Lizulu ndi Biriwiri, foni imatha kugwira netiweki ya ku Mozambique. Zimitsani data roaming, yomwe imalola foni kugwiritsa ntchito intaneti pa netiweki yakunja, ndipo posankha netiweki musaisiye pa automatic, sankhani nokha Airtel kapena TNM.