Kufunsira ndalama za kafukufuku wa zaumoyo

Musanayambe, khalani ndi funso limodzi lomveka bwino loti mufufuze, CV, nambala ya ORCID (yozindikiritsa wochita kafukufuku), komanso yunivesite kapena chipatala chokuimirirani, popeza ndalamazi sizilowa m'thumba la munthu.

1. Fufuzani zolengeza za mabungwe opereka ndalama za kafukufuku monga Wellcome, EDCTP, Fogarty kapena NCST ya kwathu kuno ku Malawi.
2. Onani amene akuloledwa kufunsira. Ngati simukukwanira, musadzivute.
3. Lembani pulopozo (chikalata chofotokoza kafukufuku amene mukufuna kuchita) ndi bajeti. Musaiwale mafuta a galimoto, malipiro a otolera mayankho m'midzi, ngakhalenso firiji yosungiramo magazi.
4. Ambiri amapunthwa apa: ku Wellcome, fomu imayamba yavomerezedwa ndi ofesi ya kafukufuku ya kuntchito kwanu isanafike kwa iwo. Iperekeni ku ofesiyo kudakali milungu ingapo, osati tsiku lotsekera.
5. Mukapatsidwa ndalamazo, musakhudze wodwala aliyense komiti yovomereza kafukufuku, COMREC kapena NHSRC, isanakuloleni.