Fomu yomwe inkadula nambala za foni

Sitolo ina ya ku Limbe inandiitana kuti ndikonze fomu yake yoodera katundu pa intaneti. Wakabaza akafika ku Ndirande ndi katundu, kuimbira kasitomala, foni osalowa.

Vuto linali pa mask ya bokosi la nambala, yomwe imakonza nambala kuti ilowe m'kalembedwe kamodzi. Inkalandira manambala 10 okha, monga timalembera kuno: 088 ya TNM kapena 099 ya Airtel. Koma anthu ambiri amangokopera nambala pa WhatsApp, ndipo imabwera ndi +265 kutsogolo, zonse pamodzi manambala 12. Mask inkatenga 10 oyamba, awiri omaliza n'kutaya, osanena kanthu.

Ndinasintha kuti mask izigwira ntchito pomaliza. JavaScript, chilankhulo cha mapulogalamu a pa webusaiti, imayamba yachotsa mipata ndi chilichonse chosakhala nambala. Ikapeza 265 koyambirira imaichotsa n'kuikapo 0, osaiwala aja olemba +265 0999, alipo ambiri ndithu. Mu database, mosungira zambiri za makasitomala, ndimasunga ndi +265, popanda mipata.

Chinandivuta kwambiri ndi cursor, kamzere kothwanima kosonyeza pamene ukulemba. Munthu akafuna kukonza nambala yapakati, cursor inkathawira kumapeto. Tsopano ndimawerenga manambala omwe ali kumanzere kwake ndisanabwezeretse mipata, kenako lamulo la JavaScript lotchedwa setSelectionRange limaibweza pamalo pake. Ndinaikanso type="tel" kuti foni izitulutsa kiyibodi ya manambala.