Momwe mungasinthire pasiwedi ya root MySQL ikakukanizani kulowa

MySQL, pulogalamu yoyendetsa database, ikakukanizani kulowa ngati root, akaunti yake yaikulu, uthenga wake umayamba chonchi: ERROR 1045, Access denied for user 'root'@'localhost'. Musathamangire kusintha pasiwedi musanawerenge mpaka kumapeto kwa mzerewo. Ngati palembedwa using password: NO, ndiye kuti pasiwedi simunatumize n'komwe, mwangoiwala -p, kachizindikiro kouza MySQL kuti ikufunseni pasiwedi. Lembani mysql -u root -p, pasiwediyo muilembe ikakufunsani. Mukailemba pamzere womwewo mutasiya mpata pambuyo pa -p, MySQL imaitenga ngati dzina la database.

Pa Ubuntu palinso kena kamene kamazunguza anthu mutu. Nambala ya ERROR ikakhala 1698, kawirikawiri vuto si pasiwedi ayi. Akaunti ya root imakhala ikugwiritsa ntchito auth_socket, yomwe imangoona kuti mwalowa pa kompyutapo ngati ndani. Yesani sudo mysql (sudo imayendetsa lamulo ndi mphamvu za woyang'anira kompyuta). Ikatseguka, palibe chifukwa chokhudzira fayilo iliyonse, dumphani mukafike pa ALTER USER m'munsimu. MariaDB nayo, yomwe ndi mphukira ya MySQL, kuyambira pa 10.4, imachita zofananazo kudzera mu unix_socket.

Zonsezi zikakanika, apa ndiye pasiwedi yaiwalikadi. Njira yotsatirayi ndi ya pa Linux, ndipo imafuna kuti mukhale ndi mphamvu za sudo pa sevayo.

Yambani ndi kutsegula fayilo ya makonzedwe. Pa Ubuntu ndi /etc/mysql/mysql.conf.d/mysqld.cnf, pomwe pa Red Hat ndi abale ake nthawi zambiri ndi /etc/my.cnf. Pansi pa mutu wa [mysqld] onjezani mizere iwiri iyi:

skip-grant-tables
skip-networking

Mzere woyambawo ukuuza seva kuti isafunse munthu aliyense pasiwedi, ndipo aliyense wolowa amakhala ndi mphamvu zonse. N'chimodzimodzi kuchotsa chitseko chonse chifukwa kiyi yatayika. Wachiwiriwo umatsekera kunja onse obwera kudzera pa netiweki. MySQL 8.0 imatseka yokha mukangoika woyambawo, komabe ulembeni ndithu, sulipiritsa. Ngati pali webusayiti yodalira database imeneyi, eni ake auzidwiretu, chifukwa mwina iima kaye.

Sungani fayiloyo, kenako yatsaninso seva ndi sudo systemctl restart mysql. Kwina dzina lake ndi mysqld kapena mariadb. Tsopano lowani ndi mysql -u root, popanda -p.

Musanachite china chilichonse lembani:

FLUSH PRIVILEGES;

Ambiri amalumpha pamenepa, kenaka n'kudabwa ndi ERROR 1290. Seva inayaka isanawerenge matebulo a zilolezo, choncho singasinthe akaunti mpaka mutaiuza kuti iwawerenge. Ndi bwinonso kuona akaunti zomwe zilipo:

SELECT user, host, plugin FROM mysql.user;

Kwa MySQL, 'root'@'localhost' ndi 'root'@'127.0.0.1' ndi akaunti ziwiri zosiyana, iliyonse ndi pasiwedi yakeyake. Sinthani yomwe yatchulidwa mu uthenga wokukanani uja:

ALTER USER 'root'@'localhost' IDENTIFIED BY 'pasiwedi_yatsopano';

Ngati pa kolamu ya plugin, yosonyeza njira yolowera, paoneka auth_socket koma inu mukufuna kumalowa ndi pasiwedi pa MySQL 8.0, lembani IDENTIFIED WITH caching_sha2_password BY m'malo mwa IDENTIFIED BY. Mukalandira ERROR 1819, seva ikuti pasiwediyo ndi yofooka: italikitseni, muphatikizemo manambala, zizindikiro ndi zilembo zazikulu ndi zazing'ono.

Pa intaneti mudzapezabe malangizo akale akuti UPDATE mysql.user SET password=PASSWORD. Asiyeni. Kolamu ya password inalowedwa m'malo ndi authentication_string mu 5.7, ndipo PASSWORD yomweyo inachotsedwa mu 8.0.

Tulukani ndi exit, mubwerere ku fayilo ija, mufufute mizere iwiri munaonjeza ija, n'kuyatsanso seva. Gawo limeneli ndi limene liyenera kukudetsani nkhawa kuposa onse, chifukwa munthu akangoona kuti walowa amaiwala, seva n'kukhala yosatseka osadziwa.

Yesani kawiri. Lembani mysql -u root -p ndi pasiwedi yatsopano, iyenera kukulolani. Kenako yesani ndi pasiwedi yolakwika dala. Ikakulolaninso, mzere wa skip-grant-tables uja ukadalipo penapake, ndipo sudo grep -r skip-grant-tables /etc/mysql /etc/my.cnf ikuonetsani fayilo yake.

Pulogalamu iliyonse yomwe inkalowa ngati root, monga WordPress kudzera mu wp-config.php, tsopano ikanidwa. Osangoikamo pasiwedi yatsopanoyo, itsegulireni akaunti yakeyake yokhala ndi chilolezo pa database yake yokha.